Mpeni wa Okapi

Mpeni wopinda wa Okapi unayamba kupangidwa mu 1902 ku Solingen, m'dziko la Germany, kuti uzigulitsidwa kuno ku Africa. Kuyambira mu 1988 umapangidwira ku South Africa, komwe anthu anauzolowera kalekale.

Unatchuka chifukwa cha loko wake. Kumsana kwa chigwiriro kuli kachitsulo komwe kamakola mpeniwo ukatambasulidwa, ndipo supindika mpaka mwini wake atakoka kamphete. Mipeni yopanda loko imatha kupindikira pazala.

Komabe mumsika wa Ndirande mpeni wosapinda sunathe ntchito. Amisiri amausula kuchokera ku zitsulo zakale, ndipo ogulitsa nyama ndi okazinga tchipisi amadalira womwewo.