Ankhoswe, Bwalo ndi Khoti: Mbiri ya Umboni pa Milandu ya Nkhanza za m'Banja ku Kasungu

Pakati pa Achewa a m'dziko la Mwase ku Kasungu, mlandu wa nkhanza za m'banja sunkayambira pabwalo la mfumu, koma m'manja mwa ankhoswe, omwe ndi achibale oimira mbali ya mwamuna ndi ya mkazi kuyambira tsiku limene ukwati wamangidwa. Popeza ukwati wofala unali wa chikamwini, mmene mwamuna amakakhala kumudzi kwa mkazi, mayi womenyedwa ankakhala pakati pa abale ake, ndipo mlongo wake kapena malume ake, amene ankatchedwa mwini mbumba, ndiye ankamuyankhulira. Mawu a mkazi ankalemera molingana ndi anthu oima kumbuyo kwake, moti mkamwini wankhanza ankatha kulipitsidwa nkhuku kapena mbuzi, mwinanso kupirikitsidwa pamudzi. Komabe dongosolo lomweli linali ndi pobisalira, chifukwa wolakwa akakhala malume kapena mlongo yemweyo, woyenera kudandaulira wozunzidwa ndiye anali mwini mlandu, ndipo nkhani yotere inkakwiriridwa poopa kuchititsa manyazi mbumba.

Ulamuliro wa atsamunda unasintha njira zopezera choona. Lamulo la 1911 linaletsa mwavi, chakumwa chaululu chochokera ku makungwa a mtengo chimene woganiziridwa ankamwa kuti adziyeretse pamene mboni zasowa, ndipo mu 1933 boma la Nyasaland linavomereza makhoti a mafumu moyang'aniridwa ndi ma DC. Katswiri wa mbiri ya malamulo Martin Chanock anasonyeza m'buku lake la 1985 kuti zambiri zimene makhotiwa ankazitcha mwambo zinaumbidwa m'nyengo yomweyi ndi amuna achikulire amene ankafuna kulimbitsa ulamuliro wawo pa akazi ndi achinyamata, kotero kuti mkazi wopempha kuti banja lithe ankayenera kukhutiritsa bwalo la amuna okhaokha.

Mu 1969 boma la Dr. Hastings Kamuzu Banda, mbadwa ya Kasungu, linakuza mphamvu za makhoti a miyambo mpaka kuwalola kuzenga milandu yakupha popanda maloya, koma makhotiwa anadziwika kwambiri ndi milandu ya ndale, monga wa Orton ndi Vera Chirwa mu 1983, kuposa kuteteza ofooka a m'nyumba. M'zaka zomwezo, makamaka za m'ma 1970, madambo ndi zigwa za Kasungu zinadzaza ndi maesiteti a fodya a makampani monga Press Farming ndi General Farming, omwe anakoka mabanja ambiri ochokera m'maboma akutali, ena a m'chigawo cha kummwera, kudzagwira utenanti. Mgwirizano wa utenanti unkapangidwa ndi mwamuna, ngakhale kuti mkazi ndi ana ankagwira nawo ntchito kuyambira ku nazale mpaka m'chigafa, ndipo chakudya chimene banja linkalandira pangongole chinkadulidwa pa malipiro a kumapeto kwa nyengo. Mayi wokhala m'msasa wa pa esiteti anali kutali ndi ankhoswe ake, analibe munda wakewake, ndipo kuneneza mwamuna wake kunali kuika pachiswe chakudya cha ana, moti mawu akuti banja ndi kupirira anasanduka lamulo lokhalo limene ankalidziwa.

Vuto la mboni yodalira womuzunza linafotokozedwa bwino m'buku lopeka la Harper Lee la 1960, To Kill a Mockingbird, mmene mtsikana Mayella Ewell wa ku Alabama akunamizira munthu wakuda Tom Robinson m'khoti, pamene zizindikiro zikuloza bambo wake womubala kuti ndiye anamumenya. Ngakhale kuti tsankho la khungu la m'bukumo ndi la dziko lina, phunziro lake likugwiranso pa esiteti ya ku Kasungu, kuti lumbiro la m'khoti silimasula lilime la munthu amene madzulo akabwerera kunyumba ya woimbidwa mlandu.

Makhoti a miyambo ataimitsidwa mu 1993, ndipo malamulo aakulu a dziko a 1994 atazindikira ufulu wa amayi, milandu ya nkhanza za m'banja inapita kwa majisitireti, ndipo apolisi anatsegula nthambi zothandiza ochitiridwa nkhanza. Lamulo loletsa nkhanza za m'banja la 2006 linalola khoti kupereka chiletso choteteza wodandaula komanso kumupatsa ufulu wokhalabe m'nyumba, ndipo linawerengera kumana munthu chuma ngati nkhanza, mfundo yofunika m'dera limene ndalama za fodya nthawi zambiri zimafikira m'manja mwa mwamuna yekha akagulitsa ku okushoni. Mu 2017 malamulo aakulu anasinthidwanso kuti munthu asalowe m'banja asanakwanitse zaka 18.

Malamulo atsopanowa anapatsa mayi mphamvu yodziyankhulira yekha popanda mwini mbumba, yomwe mwambo sunamupatse, koma sanamubwezere chimene mudzi wa chikamwini unkamupatsa, chomwe ndi munda ndi khomo lothawirako akamaliza kupereka umboni, ndipo ichi n'chimodzi mwa zifukwa zimene amayi ena amathetsera milandu yawo isanafike pa chigamulo.