Makoswe anachenjeza kale: mbiri ya mankhwala a DBCP

Lero tikambeko mbiri ya mankhwala amodzi a kumunda otchedwa DBCP. Nkhaniyi inachitikira ku America ndi m'minda ya nthochi ya ku Central America, ndipo ikukhudza funso limene ana amakonda kufunsa m'kalasi: kodi zimene zachitika kwa khoswe wa mu labotale zingachitikenso kwa munthu?

Tiyambire kumbuyo pang'ono. Mu 1927 Hermann Muller anaonetsa kuti ma X-ray amasintha majini a tintchentche tija timazungulira nthochi zakupsa. Ndikati majini sindikunena aja amaopsezera anthu usiku ayi, ndikunena malangizo a chibadwa amene ali mu DNA, omwe kholo limapatsira mwana. Muller analandira mphoto ya Nobel mu 1946. Koma kuti mankhwala nawonso angachite zomwezo, anatsimikizira ndi mayi wina, Charlotte Auerbach, ndipo aphunzitsi anzanga mumve bwino apa: mayiyu anali mphunzitsi wa sekondale ku Germany. Anamuchotsa ntchito mu 1933 chifukwa anali Myuda, nathawira ku Edinburgh. Kumeneko, mu 1941, iye ndi J. M. Robson anaika tintchentche tomweti mu mpweya wa poizoni wa pankhondo wotchedwa mustard gas, napeza kuti mwa ana a tintchentcheto ambiri anali ndi majini owonongeka. Manja a mayiyu anapsa nawo mpweyawo. Popeza inali nthawi ya nkhondo boma linaletsa kuulula, ndipo zotsatira zinasindikizidwa mu 1946. Choncho pamene mankhwala atsopano a kumunda ankasefukira nkhondo itatha, akatswiri ankadziwa kale kuti mankhwala angathe kufika pa chibadwa.

DBCP inabwera m'zaka za m'ma 1950. Ntchito yake inali kupha manematodi, tinyongolotsi ta m'nthaka tosaoneka ndi maso, tija timatupitsa mizu ya tomato ndi fodya n'kukhala timfundomfundo. Kampani ya Shell inkagulitsa mankhwalawa pa dzina loti Nemagon, ya Dow pa dzina loti Fumazone. Alimi anawakonda chifukwa mankhwala ena a mtundu umenewu ankafuna kuti munda ukhale wopanda mbewu, pamene DBCP unkatha kuthira mitengo ili chiimire. Kwa mwini munda wa nthochi, zinanazi kapena mapichesi, imeneyi inali mphatso yaikulu.

Makampani awiriwa anayesa mankhwalawa pa nyama. Ku Dow kunali T. R. Torkelson ndi anzake, ndipo Shell inapatsa ntchitoyi Charles Hine wa pa yunivesite ya California ku San Francisco. Pofika 1958 mbali zonse ziwiri zinali zitaona vuto, ndipo mu 1961 anasindikiza limodzi zimene anapeza. Makoswe, mbira ndi akalulu amene ankapuma mpweya wa DBCP kwa masabata angapo, ziwalo zawo zopanga mbewu ya umuna zinafota. Mwa makoswe zizindikiro zinaoneka ngakhale pa mlingo wochepa kwambiri umene anayesa, magawo 5 okha pa magawo 1 miliyoni a mpweya. Tsono nzeru ya mwana wa Fomu 2 ikanati: tsitsani mlingo, yesaninso, mpaka mupeze pamene khoswe sakuvulala. Sanatero. Anangolangiza kuti mpweya wa pamalo a ntchito usapitirire gawo limodzi pa miliyoni, ndipo chikalata chomata pa mgolo sichinatchule n'komwe za kubereka. Boma la America linavomereza mankhwalawa, malonda n'kumayenda.

Chenjezo silinathere pomwepo. Mu 1973 akatswiri a National Cancer Institute analengeza kuti makoswe ndi mbewa zimene anazimwetsa DBCP zinadwala khansa ya m'mimba. M'zaka zomwezo Bruce Ames wa ku Berkeley anakonza njira yachangu komanso yotsika mtengo yoyezera ngati mankhwala amawononga DNA. Njirayi ndimaikonda chifukwa ndi yosavuta kufotokoza pa bolodi. Mumatenga mabakiteriya a Salmonella amene ali ndi chilema: sangathe kudzipangira chakudya china chotchedwa histidine, ndiye pa mbale yopanda chakudyacho samera. Mumathirapo mankhwala amene mukuwakayikira, pamodzi ndi timadzi ta chiwindi cha khoswe kuti zifanane ndi zimene zimachitika m'thupi. Ngati mankhwalawo amasokoneza DNA, ena mwa mabakiteriyawo amasinthika mwangozi n'kuyambanso kupanga histidine, ndipo pakatha masiku awiri mumangowerenga timagulu tomwe tamera. Mu 1975 Herbert Rosenkranz anaonetsa kuti DBCP imawononga DNA ya mabakiteriya. Apa ndiye kuti umboni unalipo wa mitundu itatu: kufota kwa ziwalo, khansa, ndi kuwonongeka kwa majini.

Koma amene anaimitsa mankhwalawa sanali khoswe kapena bakiteriya. Anali amuna a pa fakitale ya Occidental Chemical ku Lathrop, m'chigawo cha California, kumene ankasakaniza DBCP. Pocheza pa nthawi yopuma anazindikira kuti m'gulu lawo papita zaka palibe amene mkazi wake waima. Taganizani kulimba mtima kumene kumafunika kuti mwamuna anene zimenezi pamaso pa anzake. Kwathu kuno banja likakhala lopanda mwana chala chimathamangira kuloza mayi, ndipo sindikukhulupirira kuti ku California zinali zosiyana kwenikweni. Mu 1977, mothandizidwa ndi bungwe lawo la ogwira ntchito, anakayezetsa umuna. Dokotala Donald Whorton anapeza kuti mwa amuna 25 amene sanatseketse, 14 analibiretu mbewu kapena anali nayo yochepa kwambiri, ndipo amene anagwira nthawi yaitali ndiwo anavulala kwambiri. Zinali zomwe zija makoswe anaonetsa zaka pafupifupi 20 m'mbuyomo. California inaletsa DBCP chaka chomwecho. Bungwe la EPA linaimitsa ntchito zake pafupifupi zonse mu 1979, kungosiya minda ya zinanazi ya ku Hawaii, yomwe nayonso inaletsedwa mu 1985.

Kafukufuku wotsatira ndi amene akuyankha bwino funso la ana athu lija, ndipo yankho lake silophweka monga tingafunire. Mu 1980 akatswiri a ku Japan, Teramoto ndi anzake, anamwetsa DBCP makoswe aamuna n'kuwakweretsa kwa aakazi amene sanakhudze mankhwalawo. Mimba zinkatenga, koma tiana tambiri tinkafera m'chiberekero tisanakule, kusonyeza kuti mbewu ya bambo inafika ndi majini osweka. Atayesa chimodzimodzi pa mbewa, sizinachitike. Pambuyo pake zinadziwika kuti thupi likamayesa kusungunula DBCP limapanga kanthu kena kaukali kamene kamakakamira pa DNA n'kuidula, ndipo maselo opanga mbewu a khoswe amawonongeka nako kwambiri kuposa a mbewa. Ndiye onani: akanayesa pa mbewa zokha akanati zonse zili bwino. Pa nkhani imeneyi munthu anafanana ndi khoswe. N'chifukwa chake ine ndimakayikira aliyense wonena kuti mankhwala akutiakuti “anayesedwa pa nyama” osanena kuti nyama yanji, mlingo wanji, kwa masiku angati.

Nanga ana a anthuwo? Ku Israel, Gad Potashnik anatsatira kwa zaka zambiri amuna a pa fakitale ina yopanga DBCP. Ena mbewu yawo inabwerera patapita zaka, ena sinabwerere. Mwa ana amene anabadwa sanapeze kuchuluka kwa zilema, ndipo zimenezi tiyenera kuzinena poyera kuti tisakokomeze. Chodabwitsa chimene anapeza n'chakuti mwa mimba zimene zinatengedwa abambo akugwirabe mankhwalawo, ana aakazi anachuluka kwambiri kuposa aamuna.

Gawo lopweteka kwambiri la mbiriyi lili kunja kwa America. Dow italeka kupanga DBCP mu 1977, kampani ya nthochi ya Standard Fruit, yomwe timaidziwa ndi dzina loti Dole, inaumirira kuti mgwirizano wogula ulemekezedwe, ndipo katundu wotsala anapitiriza kutumizidwa ku minda yake ya kunja. Ku Costa Rica, Honduras, Nicaragua ndi Philippines anthu anathira mankhwalawa m'nthaka ndi m'mipope yothirira, ambiri opanda magolovesi kapena chotchinga kumphuno, ena osatha kuwerenga Chingerezi cha pa mgolo. Apa sitinganene kuti sayansi inali isanadziwe. Amuna a ku Lathrop anali atayezedwa kale, nkhani yawo ili m'manyuzipepala.

Milandu inatenga zaka makumi. Mu 1997 makampani opanga mankhwalawa anagwirizana zopereka madola pafupifupi 41 miliyoni kwa ogwira ntchito pafupifupi 26,000 a m'mayiko osiyanasiyana. Gawani nokha, ndipo mukumbukire kuti maloya anatapapo kaye zawo. Ku Nicaragua anthu a m'minda ya nthochi anayenda wapansi kangapo kuchoka ku Chinandega mpaka ku Managua, mtunda woposa makilomita 100, n'kumanga misasa ya mapepala apulasitiki moyang'anizana ndi nyumba ya malamulo. Makhoti a dziko lawo anagamula ndalama zambiri, koma makampani anakana kulipira ndipo makhoti a ku America anakana kukakamiza zigamulozo. Mu 2007 khoti la ku Los Angeles linapatsa chipukuta misozi amuna 6 a ku Nicaragua pa mlandu wawo ndi Dole. Mu 2010 woweruza Victoria Chaney anafafaniza chigamulocho, ponena kuti maloya ena ku Nicaragua ankalemba ndi kuphunzitsa mboni anthu amene sanagwirepo ntchito m'munda wa nthochi.