Cipupa Copyapyala: Anansi ndi Matenda m'Nyumba za Khonsolo ku Mangalande

Nkhondo yaikulu yaciwiri itatha m'caka ca 1945, dziko la Mangalande linali pa usiwa wa nyumba. Mabomba anali atagumula zambiri, ndipo zotsala za anthu osauka zinali zacinyezi ndi zothithikana. Cotero makhonsolo a m'mizinda anamanga nyumba zikwizikwi zoti anthu azikhalamo polipira lendi. Akulu a Boma anakhulupirira kuti munthu akalowa m'nyumba youma, ya madzi a m'mipope, matenda adzamcokera ndipo adzakhala mwamtendere ndi anansi ace. Anthu ophunzira amene anapita kukafunsa eni ace okhalamo anapeza kuti nkhaniyi siinali yapafupi cotero.

Mmodzi wa iwo anali Leo Kuper, wobadwira ku Johannesburg, amene anayamba wagwira nchito ya malamulo. Iye anafufuza mu mzinda wa Coventry, umene unaphwasulidwa ndi ndege za Ajeremani usiku wa pa 14 November, 1940, ndipo zimene anapeza zinasindikizidwa m'buku lochedwa Living in Towns m'caka ca 1953. Malo amene anafufuzawo anawacha Braydon Road, pobisa dzina lace lenileni. Nyumba zace zinali zacitsulo, zomangidwa ziwiriziwiri, mabanja awiri nalekanitsidwa ndi cipupa cimodzi. Cipupaco cinali copyapyala, kotero kuti wailesi, kulira kwa mwana, mkangano wa mwamuna ndi mkazi wace, ngakhale za kucipinda cogona, zonse zinamveka kutsidya. Coipa ceniceni sicinali phokoso la mnansi lokha ai, koma kudziwa kuti nayenso alikumva. Makolo anatontholetsa ana ao kosalekeza, ndipo anthu anayenda monyang'ama m'nyumba zao zomwe.

Makomo a m'mbali anali openyana ndi a nyumba yotsatira, ndipo amisiri olemba mapulani anayesa kuti pamenepo padzabadwa ubwenzi. Unabadwadi, koma pakhomo pomwepo panabadwanso udani. Kuper anaona kuti banja lokonda kudzisungira ulemu likayandikana ndi banja lokonda kuceza ndi kubwereka zinthu, kuyandikanako kunangokulitsa kusiyana kwao.

Za kudwala zinaonekera bwino m'buku la Michael Young ndi Peter Willmott, Family and Kinship in East London, la m'caka ca 1957. Iwo anatsata mabanja ocokera ku Bethnal Green, dera lakale la London, amene anasamukira ku nyumba zatsopano za ku Debden, mtunda wa mamailosi ngati 20. Ku Bethnal Green mkazi akadwala kapena akacira, mai wace anali pafupi, nadzaphika ndi kusamala ana. Ku malo atsopano mai anali kutali, ndipo anansi anali alendo openyetsetsana makatani ndi zobvala. Kawirikawiri wodwazika anatsala mwamuna yekha, iyenso ali ndi nchito yace yoti apiteko.

Apa panabuka funso lobvuta: kodi anansi ndi malo ndiwo amadwalitsa munthu, kapena kudwala ndiko kumamcititsa kuona anansi ace ngati adani? Dotolo Stephen Taylor anali atalemba kale m'caka ca 1938, m'nyuzi ya madotolo yochedwa The Lancet, kuti akazi a m'nyumba zatsopano za kunja kwa mizinda amadwala nkhawa cifukwa ca kusungulumwa. Patapita zaka, iye ndi Sidney Chave anayesa mau amenewa mu mzinda watsopano wa Harlow, nalemba buku la Mental Health and Environment m'caka ca 1964. Anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu anali ndi nkhawa, cisoni, kupsa mtima msanga kapena kusowa tulo. Koma ciwerengero cimeneci cinali pafupifupi cimodzimodzi ndi ca m'dera lakale la London. Anapezanso kuti odandaula za kusungulumwa ndi za malo ao anali makamaka omwewo obvutika mumtima. Motero Taylor anabweza ambiri a mau ace oyamba, nati gwero la nthendayi liri mwa munthu mwini, ndipo amasamuka nayo kulikonse apita.

Kubweza mau kotere nkoyamikika, pakuti ophunzira ocita cotero ngowerengeka. Komabe ciwerengero cosonyeza kuti zinthu ziwiri zimayenda pamodzi sicinena cimene cinatsogola. Wodwala ndiye amaswera panyumba pamene anzace ali ku nchito, ndiye amagona masana, ndiye amakhala maso usiku. Cipupa ca ku Coventry cija cimamlasa iye koposa wina aliyense. Ndipo mau a Taylor, akagwera m'manja mwa kalaliki waulesi wa nyumba, akhoza kusanduka cifukwa cokanira dandaulo loona, ponena kuti wodandaulayo ngwamutu wace.

Umboni wa mbali inayo unadza m'caka ca 1967, kucokera kwa dotolo D. M. Fanning, amene anafufuza mabanja a asilikali a Mangalande okhala ku Germany. Mabanjawa anali ofanana m'makhalidwe, ndipo sanadzisankhire pokhala: akulu ao anapatsa ena nyumba zapansi, ena nyumba zosanjikana. Fanning anapeza kuti okhala m'nyumba zosanjikana anabwera kwa dotolo ndi matenda kuposa anzao ndi 57 pa 100 ali yense. Ocuruka anali ana ang'ono odwala cifuwa ndi akazi acitsikana odwala nkhawa, ndipo nkhawayo inanka nikula mwa akazi okhala m'zipinda zapamwamba, kutali ndi bwalo limene akadakumanapo ndi anzao.