Kukonza dothi la pabwalo loweterapo abakha m'Chigwa cha Shire

M'maboma a Chikwawa ndi Nsanje, mabwalo ambiri oweterapo abakha amalimba gwa m'chilimwe n'kusanduka zithaphwi m'dzinja. Gwero la vutoli ndi mtundu wa dothi, madzi ndi mapazi a abakhawo.

Dera lalikulu la chigwachi, makamaka cha ku Ngabu, lili ndi dothi lakuda la makande. Likanyowa limatupa n'kutseka timipata tomwe madzi amalowera. Likauma limang'ambika ming'alu yoti dzanja n'kulowamo. Chigwachi n'chotsika komanso chafulati, choncho madzi sapeza kothawira. Madzi osefukira a mu Januwale 2015, ndi amene anadza ndi namondwe Idai mu 2019, Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023, anasiya m'makomo ambiri matope amene akauma amamata pamwamba.

Bakha amasiyana ndi nkhuku. Nkhuku imapalasa, koma bakha amapondereza ndi mapazi ake aphanthiphanthi, n'kumafukula matope ndi mlomo pozungulira pomwera. Udzu ukatha, nyongolotsi zimachepa, ndipo dothi limasowa chotsegula njira za mpweya. Zitosi za bakha n'zamadzimadzi, zimanunkha zikadikha, komatu ndi manyowa abwino kwambiri zikawolerana ndi zinyalala.

Ntchito imayambira pa madzi, osati pa khasu. Beseni lomwera limaikidwa pamiyala kapena pa zidutswa za njerwa, kumunsi kwa bwalo, ndipo kangalande kamatengera madzi otayika ku nthochi kapena ku nzimbe. Bwalo limagawidwa pawiri ndi mpanda wa bango, lomwe silisowa kufupi ndi madambo a Elephant Marsh ndi Ndindi, kuti mbali imodzi ipume pamene abakha ali kwinako.

Nthawi yolimira ndiyo imasokoneza ambiri. Makande akalimidwa ali onyowa amapakika pa khasu n'kulimba kuposa kale. Akauma kwambiri khasu limangodumpha. Nthawi yabwino ndi pamene chibuma chikufumbutuka m'manja. Alimi ena salima n'komwe: cha mu Okutobala amathira ndowe za ng'ombe zowola, zitosi ndi mankhusu a mpunga m'ming'alu, mvula ikagwa dothi n'kutsekera manyowawo pansi lokha. Njira imeneyi ndi yanzeru, pakuti imagwiritsa ntchito khalidwe la dothilo m'malo molimbana nalo. Pamwamba amayalapo mapesi a mapira kapena a mchewere, kuti dzuwa la kuno, lomwe limapitirira madigiri 40, lisawotche nthaka. Kuthira mchenga pang'ono sikuthandiza, kumangowonjezera kulimba.

Zotsalazo zimagwiridwa ndi mizu. Nandolo amaboola pansi polimba, koma sapirira madzi odikha, choncho amafuna mizere yokwera. Jerejere amapirira chinyezi ndipo amawonjezera chonde. Vetiva wobzalidwa m'mbali mwa ngalande amagwira dothi, ndipo abakha samutha.

Pamene pakuoneka zoyera ngati mchere, monga zimachitikira m'madera ena a chigwachi, vuto limakhala lalikulupo, ndipo ndi bwino kufunsa mlangizi wa zaulimi. Pena paliponse, abakha amabwezeredwa udzu ukagwira, pomwera n'kumasunthidwa nthawi ndi nthawi.