Ndalama za ku Turo ndi Golide wa ku Arcturus

Arcturus ndi kamudzi ka mgodi wa golide kum'mawa kwa Harare, m'boma la Goromonzi, pakati pa mafamu a Mashonaland. Chichewa chimamveka kumeneko chifukwa makolo ambiri ochokera ku Malawi, ku Mozambique ndi ku Zambia anafikako kudzagwira ntchito pansi pa nthaka ndi m'minda ya azungu. Koma iwo sanali oyamba kukumba golide m'dziko limenelo. Azungu a kampani ya Cecil Rhodes atafika mu 1890 anapeza maenje akale a migodi ali mbwee, ndipo migodi yawo yambiri anaitsegula pa maenje omwewo. Funso la amene anakumba maenjewo analiyankha mwachangu: ati anali Afoinike.

Afoinike anali amalonda a panyanja okhala m'gombe la dziko limene lero ndi Lebanon. Mzinda wawo wotchuka unali Tyre, umene Baibulo lathu limautcha Turo. Unamangidwa pa chilumba, ndipo unalemera ndi zombo, mitengo ya mkungudza ndi utoto wofiirira wochokera ku nkhono za m'nyanja. Anthu ake ndiwo anakhazikitsa Carthage kumpoto kwa Africa. Mu 332 Khristu asanabadwe, Alexander wa ku Macedonia anauzinga miyezi 7, nachita kuunjika miyala m'nyanja kuti apange njira yofikira pa chilumbacho. Njirayo inadzaza mchenga, ndipo kufikira lero Turo salinso chilumba.

Mzindawu unkasula ndalama zasiliva. Zoyambirira zinali ndi chithunzi cha kadzidzi. Zotchuka kwambiri ndi masekeli amene unayamba kusula cha mu 126 Khristu asanabadwe, utapeza ufulu wodzilamulira. Sekeli imodzi inkalemera magalamu pafupifupi 14. Mbali ina inali ndi mutu wa Melqart, mulungu wa mzindawo, ndipo mbali inayo chiombankhanga. Siliva wake anali wosasakaniza kwenikweni, kotero kuti ku kachisi wa ku Yerusalemu ankalandira ndalama imeneyi pa msonkho wa theka la sekeli, ngakhale inali ndi nkhope ya mulungu wachilendo. Pamenepo kulemera kwa siliva kunagonjetsa kuipidwa ndi fano. Akatswiri ambiri amaganiza kuti ndalama 30 zimene Yudasi analandira zinali za mtundu womwewu.

Nanga Turo anafika bwanji ku Mashonaland? Anafika kudzera m'maganizo a owerenga Baibulo. Buku la 1 Mafumu limasimba kuti Hiramu, mfumu ya Turo, anatumiza amalinyero ake pamodzi ndi a Solomo kukatenga golide ku Ofiri. Karl Mauch, Mjeremani amene anaona mabwinja a Great Zimbabwe mu 1871, anawagwirizanitsa ndi mfumukazi ya ku Seba. Theodore Bent, amene anakumba kumeneko mu 1891, anati omanga ake anali Afoinike kapena Aluya akale. Nkhaniyi inawakomera atsamunda, pakuti ngati golideyo anayamba kukumbidwa ndi alendo, alendo atsopano akanaoneka ngati olowa m'malo chabe, osati olanda.

Komatu wamalonda amasiya zizindikiro kumene wapita. Ofukula zakale amene anakumba mwadongosolo sanapeze sekeli ya ku Turo ngakhale imodzi, kapena mbiya, kapena zolemba za Afoinike. David Randall-MacIver mu 1905 ndi Gertrude Caton-Thompson mu 1929 anatsimikiza kuti mzindawo unamangidwa ndi Aafirika, zaka zoposa 1,000 Turo atasiya kusula masekeli ake. Boma la Rhodesia silinafune kumva zimenezo, ndipo mu 1970 katswiri Peter Garlake anachoka m'dzikomo chifukwa chokana kubisa choonadi.

Ndalama imene inapezekadi ku Great Zimbabwe ndi yaing'ono, yamkuwa, yosaoneka bwino poiyerekeza ndi sekeli. Inasulidwa ku Kilwa, chilumba cha m'gombe la Tanzania, ndipo ili ndi dzina la mfumu al-Hasan ibn Sulaiman, amene ankalamulira pamene Ibn Battuta anacheza kumeneko mu 1331. Kilwa unalemera chifukwa unkalamulira doko la Sofala, kumene golide wa m'mapiri a Ashona ankatulukira kupita ku nyanja. Golide ameneyo ndiye anathandiza kumanga nyumba yachifumu ya Husuni Kubwa ndi kukulitsa mzikiti waukulu wa mzindawo. Mu 1505 Apwitikizi, motsogozedwa ndi Francisco de Almeida, anaulanda, ndipo ulemerero wake unayamba kuzilala.

Maenje amene azungu anawapeza mu 1890 anakumbidwa ndi makolo a Ashona, ndi makasu ndi zisongole zachitsulo, akumaswa thanthwe poliotcha ndi moto n'kulithira madzi. Achewa, Ayao ndi Asena amene anadzatsikira m'migodi ya Mashonaland pambuyo pake ankatsatira mitsempha ya golide yomweyo.