Chithunzi Chisungidwe Kuti? Phunziro la Zomba ndi Lilongwe

Lero tikambirane funso lakale limene latibwereranso m'nyengo ya makompyuta: kodi chinthu chofunika chisungidwe m'kati mwa kaundula momwemo, kapena kaundula azingoloza kumene chinthucho chili?

M'chaka cha 1919 moto unapsereza maofesi aakulu a boma la atsamunda ku Zomba, ndipo zikalata zambiri za zaka zoyamba za Nyasaland zinasanduka phulusa, popeza zinali pansi pa denga limodzi. Nyumba yosungira zikalata zakale inadzatsegulidwa ku Zomba komweko mu 1947.

Akalaliki a masiku amenewo anali ndi dongosolo lawo. M'buku la kaundula ankalembamo nambala ya fayilo ndi mutu wake, pamene fayilo yeniyeniyo inkakhala m'kabati. Bukulo linali lopepuka, koma munthu akatulutsa fayilo osalemba, nambala inkaloza shelefu yopanda kanthu.

Mu 1975 likulu la dziko linasamukira ku Lilongwe, mzinda umene unayamba ngati boma laling'ono m'mbali mwa mtsinje, kumene lero timati Old Town. Maunduna anakhazikika pa Capital Hill pafupi ndi City Centre, akuluakulu ambiri nakhala ku Area 10 ndi Area 12. Mafayilo a ntchito ya tsiku ndi tsiku anatsata eni ake, koma zikalata zakale zinatsala ku Zomba, ndipo wozifuna anayenera kuyenda ulendo wautali.

Kunja nako zinthu zinali kusintha. Mu 1970 Edgar Codd wa kampani ya IBM anafotokoza njira yosanja nkhani m'mizere ndi m'mipanda, imene inabala nkhokwe za makompyuta zotchedwa database. Nkhokwezi zimakonda maina ndi manambala. Zithunzi, mawu ojambulidwa ndi zidindo za zala ndi katundu wolemera kwa izo.

Funsoli linafika pakhomo pathu mu 2017, pamene bungwe la National Registration Bureau, limene likulu lake lili ku Lilongwe, linalemba m'kaundula Amalaŵi oposa 9 miliyoni a zaka 16 kupita m'tsogolo, aliyense ndi chithunzi chake ndi zidindo za zala zake. Amisiri a ntchito yotere amakhala ndi njira ziŵiri. Akaika chithunzi m'kati mwa nkhokwe, dzina ndi nkhope sizisiyana, ndipo loko mmodzi amateteza zonse; koma nkhokweyo imatupa, ndipo kuikopera kumatenga nthaŵi. Akachiika padera m'mafoda, nkhokwe imathamanga. Koma vuto la kalaliki uja limabwerera, pakuti dzina likhoza kuloza chithunzi chosoŵa, mayi wa kumudzi nabwezedwa ku banki chimanjamanja. Paja akuluakulu anati walira mvula walira matope.

Mu 2006 akatswiri a Microsoft, mmodzi mwa iwo Jim Gray, anayesa njira zonse ziŵiri. Anapeza kuti zinthu zochepera makilobaiti 256 zimayenda bwino m'nkhokwe, pamene zopitirira megabaiti imodzi zimayenda bwino m'mafoda. Ife a pa wailesi sitidabwa nazo, chifukwa kale dzina la nyimbo ndi la woimba tinkalemba pa khadi, tepi yaitaliyo n'kukhala pa shelefu yake.

Komabe, omvera athu, phunziro la 1919 silinathe ntchito. Kaya chithunzi chili m'nkhokwe kaya m'foda, ngati chilipo chimodzi chokha pamalo amodzi, moto, madzi kapena mbala zikhoza kuchifafaniza usiku umodzi. Kope yachiŵiri isungidwe kutali, ndipo iziyesedwa kaŵirikaŵiri ngati ikutseguka. Inunso kunyumba chitani chimodzimodzi ndi ziphaso za ana ndi makalata a malo.