Galasi Lalikulu: kope imene mwini wake anasaina

Ise a m'tauni tinazolowela funso limodzi pogula foni, jezi kapena nsapato: ni olijino kapena ni gong'a? Mu 1966 ku London kunaonetsedwa cinthu cimene funso limeneli silingaciyankhe mosavuta. Cinali kope ya nchito yochuka ya zojambulajambula, yopangidwa na munthu wina, koma mwini wake atabwela kudzaiona anasainapo dzina lake.

Mwini wakeyo anali Marcel Duchamp, wa ku France, wobadwa mu 1887. Mu 1915 ali ku New York anayamba nchito imene dzina lake lonse likamba za mkwatibwi na anyamata ake osakwatila, koma anthu amangoichula kuti The Large Glass, kutanthauza Galasi Lalikulu. Ni magalasi awili, lina pamwamba pa linzake, otalika pafupifupi mamita 2.8 onse pamodzi. Pamwamba pali mkwatibwi, wooneka ngati kacilombo kacitsulo osati munthu. Pansi pali anyamata 9 ooneka monga mayunifomu opanda anthu mkati, ndipo pambali pawo pali makina opela cokoleti.

Kapangidwe kake n'kodabwitsa kuposa zimene zili pagalasipo. Mizele yambili ni waya wa mtovu womatidwa pagalasi, ndipo penti inathilidwa mkati mwa mizeleyo. Pofuna mtundu wa mbali ina, Duchamp anagoneka galasi kwa miyezi kuti fumbi liunjikane, ndiyeno anamata fumbilo na vanishi. Mnzake Man Ray anajambula cithunzi ca fumbi limenelo mu 1920. Kuti apeze malo obooleka mabowo 9, anaviika timitengo ta macisi mu penti n'kutiwombela pagalasi na kamzinga koseweletsa ana, ndipo pamene kamtengo kagunda ndiye poboola. Mu 1923, patapita zaka 8, anaileka nchitoyo isanathe, n'kunena kuti ikhale conco.

Galasilo linaonetsedwa ku Brooklyn Museum kumapeto kwa 1926. Pobwelela, onyamula anasanjikiza magalasi awiliwo m'bokosi limodzi, ndipo anasweka m'njila. Bokosilo linakhala zaka losatsegulidwa, mwini wake panthawiyo, Katherine Dreier, osadziŵa kanthu. Mu 1936 Duchamp anapita kunyumba kwa maiyo ku Connecticut, n'kulumikiza zidutswa cimodzi-cimodzi, kenako anazitsekela pakati pa magalasi ena ocindikala. Ming'alu inatsala, ndipo iye anati aikonda. Kuyambila 1954 galasili lili ku Philadelphia Museum of Art, ndipo silicokako cifukwa ulendo wina ungalimalize.

Apa m'pamene aloŵela Richard Hamilton, wobadwila ku London mu 1922. Iye ni mmodzi wa oyambitsa pop art, luso lotenga zinthu za masiku onse monga zithunzi za m'magazini, zotsatsa malonda na katundu wa m'sitolo n'kupangila zojambula. Kacithunzi kake ka mu 1956, kopangidwa podula na kumata zidutswa za magazini, kamaŵelengedwa pakati pa nchito zoyambilila za pop art. Ni iye amenenso anakonza cikuto coyela ca alubamu ya Beatles ya mu 1968. Koma pali cina cimene cinam'thandiza kwambili pankhani ino: panthawi ya nkhondo yaciŵili ya dziko lonse anagwila nchito yojambula mapulani a zipangizo za m'fakitale. Kuŵelenga miyeso inali nchito imene anaidziŵa.

Hamilton anapatsidwa udindo wokonza cionetselo cacikulu ca nchito za Duchamp ku Tate Gallery mu 1966. Popeza galasi la ku Philadelphia silikanabwela, anasankha kulipanganso ku yunivesite ya Newcastle, kumene anali kuphunzitsa. Njila yapafupi ikanakhala kutenga zithunzi za galasilo n'kutsatila mizele yake. Umu ndiye mmene Ulf Linde anapangila kope yake ku Stockholm mu 1961, podalila kwambili zithunzi. Hamilton anatenga njila yaitali.

Mu 1934 Duchamp anali atasindikiza manotsi ake, mapepala oposa 90, n'kuwaika m'bokosi lobiliŵila lochedwa Green Box. Munali miyeso, mapulani na maganizo olembedwa mothamanga, ena ofufutidwa. Hamilton anali kuwadziŵa bwino mapepalawa, pakuti mu 1960 anawatulutsa monga buku la Cizungu, pamodzi na womasulila George Heard Hamilton. Conco anabwelela kumanotsi. Anajambulanso mapulani kucokela ku miyeso, anayesa mbali zina pamagalasi ang'ono monga mmene Duchamp anacitila, anapinda waya wa mtovu, anasiya fumbi kuti likhale pagalasi. Nchito imene inatenga Duchamp zaka 8, iye anaibweleza m'caka cimodzi, mu 1965 na 1966. Colinga cake cinali kudutsa njila imene mwini wake anadutsa, kuti amvetse cifukwa cake mzele uliwonse uli pamene uli.

Ming'alu sanaikope. Galasi lake ni losasweka, ndipo lionetsa nchitoyo mmene inalili ngozi isanacitike, mitundu isanazilale na ukalamba. Duchamp atafika ku London anasaina kumbuyo kwa galasilo, n'kulembapo mau a Cifalansa akuti pour copie conforme. Awa ni mau a m'maofesi, ofanana na cidindo cimene timakafuna pa fotokope ya NRC kapena satifiketi kuti aliyense adziŵe kuti igwilizana na yeniyeni. Dzina la Hamilton nalonso lili pomwepo.

Kwa Duchamp izi sizinali zacilendo. Ni munthu mmodzimodziyo amene mu 1917 anatumiza ku cionetselo cokodzelamo ca m'cimbudzi cogula m'sitolo, n'kucipatsa dzina lakuti Fountain. Kwa iye cofunika cinali ganizo, osati dzanja limene lagwila bulashi. Ngati ganizo linalembedwa bwino, wina angalimangenso monga mmisili amangila nyumba potsatila pulani.

Komabe pali otsutsa, ndipo mfundo yawo si yopepuka. Mbali zina za galasi loyamba zinabwela mwangozi: kumene kamtengo ka macisi kanagunda, mmene fumbi la ku New York linagwela, mmene galasi linang'ambikila. Ngozi siibwelezeka. Fumbi la ku Newcastle ni lina. Ndipo popeza Duchamp mwini anailandila ming'alu monga mbali ya nchitoyo, ena amaona kuti galasi losasweka likusoŵa kanthu. Ife tiona kuti magalasi awiliwa amaonetsa zinthu zosiyana. La ku Philadelphia lili na zonse zimene zinalicitikila pa moyo wake. La ku London lionetsa zimene Duchamp anafuna kupanga, ndipo latheketsa anthu ambili a ku Ulaya kuima pamaso pake osaoloka nyanja.

Duchamp anamwalila mu 1968. Galasi la Hamilton linakhala la Tate mu 1975. Nalonso silinapulumuke, pakuti mbali yake yapansi inawonongeka n'kupangidwanso mu 1985. Ku Tokyo anapanganso lina mu 1980. Hamilton anamwalila mu 2011.

Nanga n'ciani cisiyanitsa nchito ya Hamilton na gong'a? Wopanga gong'a amabisa dzina lake kuti wogula aganize kuti wagula yeniyeni, ndipo amakopa maonekedwe cabe. Hamilton anaika dzina lake poyela, anagwila nchito mwini wake akudziŵa, ndipo anaphunzila kapangidwe kufikila mkati. Anakwanitsa zimenezi cifukwa Duchamp anasunga tumapepala twake. Kwa ife amene tipanga mabiti, tisoka zovala kapena tilemba zikwangwani za mashopu, apa pali phunzilo logwilika: tizisunga mafayilo, miyeso na manotsi a nchito zathu. Foni imabedwa, kompyuta imafa, ndipo wobwela pambuyo pathu adzayambila pa zimene tinasiya zolembedwa.